Ulusi umene a Tarawati anamanga pamkono pa phungu

Kho! Kho! Kho! Anthu ali m'tulo tofa nato, phokoso limeneli limadutsa khoma n'kundipeza ndili maso. Ndi a Tarawati amenewo, akuphwanya makala ndi kanyundo kuti pofika mbandakucha simbi zawo zositira zikhale zitatentha. Ine chibadwire mwana wanga Keshav sindigona kwenikweni. Ndimamvetsera kupuma kwa mwana, nsapato za mlonda, galimoto iliyonse yoima pageti. Koma phokoso la makalalo ndi limene limandibaya, chifukwa ndi la munthu amene sakuopa kanthu.

Ife timakhala kuseri kwa nyumba ya boma imene amagonamo phungu wa nyumba ya malamulo, muno mu Delhi. Kumaso kuli kapinga ndi maluwa, kuseri kuli tizipinda ta antchito. Mwamuna wanga Dinkar amayendetsa galimoto ya abwana, ine ndimasesa ndi kukolopa kwa adona. Lendi sitilipira, msana wangawu ndiye lendi. Chipinda n'chimodzi, koma chili ndi mpopi pakhomo, denga losadontha ndi chitseko chokiya, ndipo kwa mwana wodwaladwala chifuwa ngati wangayu zimenezo si zazing'ono. Vuto lake n'lakuti abwana akangoti tulukani, dzuwa silingalowe tikadalimo.

A Tarawati alibe wowauza choncho. Thebulo lawo la matabwa lili kunja kwa geti lakuseri, pansi pa mtengo wa nimu, ndipo amasita zovala za nyumba zonse za mumsewu uno. Aphungu amabwera ndi chisankho n'kupita ndi chisankho, iwo ali pompo. Ali ndi chipinda chawochawo kutsidya kwa mtsinje, koma nyumba ya malamulo ikamakumana ntchito imachuluka, ndiye amagwetsa lona n'kugona pathebulo pomwepo.

Mbiri yawo aliyense amaidziwa, poti amaikamba okha, simbi ili m'manja, fodya ali kutsaya. Anabwera mumzinda muno ali kamtsikana, atangokwatiwa ndi mwamuna wosita. Mwamunayo utsi wa makala unamudya mapapo, anawasiya opanda mwana. Achibale a mwamunayo anafuna kulanda thebulo, iwo anawaonetsa simbi yamoto, nkhani inathera pomwepo. Manja awo ndi zipsera zokhazokha. Pali chinthu chimodzi chokha chimene amachinena motsitsa mawu. Kwawo anabadwa awiri, iwo ndi mlongo wawo wamng'ono, ndipo mnyamatayo anapita ndi madzi osefukira asanayambe n'sukulu yomwe. Kuyambira pamenepo, likafika tsiku la rakhi, pamene akazi amamanga ulusi pamkono pa alongo awo kuti alongowo aziwateteza, iwo ankangoweramira ntchito osadzutsa mutu.

Ine sindinawakondepo bwinobwino, ndipo iwo akudziwa.

"Abwera amadamu a kusekondale!" amatero ndikatulukira ndi mtolo wa zovala za adona. "Tatiwerengerani nyuzi, ife tinaphunzira makala okhaokha."

Dinkar akaweruka sayamba kwa ine. Amayamba wakhala pachidebe chawo, kumwa tiyi wawo wa m'kapoto kakuda, kumaseka mpaka mano onse kunja. Kwathu akafika amangoti watopa. Tsiku lina anachita kunena kuti, "Amake Keshav, bwanji osakafunsa a Tarawati mmene amathirira jinja?" Tiyi wa tsiku limenelo anamwa wopanda shuga. Ndipo Keshav, mwana amene ndinamuvutikira ndekha kuchipatala, tsiku loyamba kuyenda analunjika kwa iwo, manja m'mwamba. Mawu ake oyamba sanali "amama". Anali "Tara".

Za ulusi zinachitika chaka cha chisankho, ine ndili ndi pakati. Adona anabwera okha kuseri kuno kudzasankha amayi oti akamange ulusi pamkono pa abwana, atolankhani akujambula. Ndinali nditasamba kale, nditavala sari yanga ya ukwati. Anandiyang'ana kuyambira kumutu n'kuti, "Iwe ayi, nkhope yatupa." Kenaka anatuluka pageti, anagwira manja a a Tarawati n'kuwatembenuza uku ndi uku ngati akugula nsomba. "Awa ndiye atuluka bwino pachithunzi."

Ndinaonerera ndili pazenera lakukhitchini. A Tarawati anamanga ulusi wofiira. Abwana anawerama, anakhudza mapazi awo, n'kunena mokweza kuti, "Kuyambira lero ndinu mlongo wanga wamkulu. Wokukhudzani inu wakhudza ine." Mayi amene anathamangitsa alamu ake ndi simbi analira ngati mwana. Anawapatsa sari yobiriwira ndi bokosi la maswiti, ndipo mawa lake chithunzi chinatuluka m'nyuzipepala. Anachidula, anachikuta ndi pulasitiki, n'kuchikhomera pamtengo wa nimu. Ndipo chinagwira ntchito. Atabwera a khonsolo kudzagwetsa matebulo a mumsewu, anayang'ana chithunzicho, anayang'anana, n'kupitirira. Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse amaika ulusi watsopano pamwamba pa zovala zoyera za abwana, n'kundipatsa kuti ndikapereke. Ine amene ndimataya zinyalala za m'nyumbamo ndimadziwa kumene ulusiwo umathera. Sindinawauzepo. Ndinkangokusunga mumtima kanthu kameneko, n'kumakanyambita akandiseka.

Tsono chaka chino, kukadali mdima, kunaima magalimoto pageti. Anali apolisi ofufuza a boma lalikulu, pa nkhani ya mlatho wina wa kudera kwa abwana umene unalipiridwa koma sunamangidwe. Anthu amenewa akamasecha nyumba amayenera kukhala ndi mboni zapadera, anthu ongodutsa amene si a m'nyumbamo, ndipo poti ankafuna kulowa kuchipinda kwa adona, anafuna mboni yachikazi. Nthawi ngati imeneyo ali maso ndani mumsewu? Anatsatira kho! kho! uja n'kukawatenga a Tarawati. Chithunzi chinali kuseri kwa lona, sanachione.

Ife antchito anatilanda mafoni n'kutikhazika kuseri tsiku lonse. Ndinamukumbatira Keshav mpaka anayamba kulira kuti ndikumufinya. Ndinkangoganiza kuti akawatenga abwana, ife tigona kuti. Madzulo ndinamva kuti a Tarawati anakhala tsiku lonselo pasofa ya adona, sofa imene ine ndimaipukuta m'mawa uliwonse koma sindinaikhalepo ngakhale kamodzi, ndipo wapolisi wamkazi ankawabweretsera tiyi.

Abwana sanawatenge. Koma tsiku limenelo kunyumba ya malamulo kunali voti yaikulu, ndipo mpando wawo unali wopanda munthu. Iwo anakadandaula kwa sipikala kuti apolisi anawatsekera m'nyumba dala kuti asakavote. Kutsekereza phungu kupita kumsonkhano ndi mlandu waukulu, moti sipikala anapereka nkhaniyo ku komiti ya aphungu kuti iitane apolisiwo adzayankhe. Dinkar, amene amamva zonse ali pachiwongolero, anandiuza kuti komitiyo ikapeza kuti abwana anatsekeredwadi, ofufuzawo aona zakuda ndipo nkhani ya mlatho igwedezeka. Apolisi ankakana, abwana ankalumbira. Wotsala anali munthu wapadera uja amene anakhala pasofa, ndipo komiti inamuitana kuti akapereke umboni.

Adona anandiitana ndikukolopa.

"Babita, siya zimenezo. Iwe unapitako kusukulu eti? Ukamuphunzitse mnzako uja. Mawu ake ndi ochepa: apolisi anakiya geti, anawakankha abwana pachifuwa. Basi."

"Adona, si mnzanga kwenikweni."

"Mwana wako amaswera pati? Mwamuna wako amamwa tiyi pati? Akakanena zina kumeneko, inu muyambe kumanga katundu. Anthu ofuna chipinda chimenecho ndi ambiri."

Ndinapita kwa a Tarawati. Ndinawapeza akuwaza madzi pamalaya, Keshav ali pansi pa thebulo akusewera ndi zipanira.

"Mayi, tsiku lija munaona chiyani kwenikweni?"

"Ukufunsa iwe kapena akufunsa adona ako?"

"Ndikufunsa ine."

Analavula fodya kumbali. "Geti linali pululu. Mkulu wa apolisi anawauza abwana ako, osati kamodzi, kuti bwana, galimoto yanu iyo, pitani kumsonkhano, ife titsala ndi amayi. Iwo anasuzumira pazenera, anaona makamera atadzaza pamsewu, anabwerera n'kukhala pansi. Panalibe wowakhudza."

"Ndiye mukanena chiyani?"

"Iwe, ukundifunsa chiyani? Mlongo ndi mlongo. Ulusi ndinamanga ndi manja angawa. Akuti geti anakiya, ndiye kuti anakiya." Anaika simbi pamwala. "Koma mtsikana wapolisi uja, amene ankanditcha amayi, amuchotsa ntchito?"

"Sindikudziwa."

"Sekondale yonse ija osadziwa? Tiye, ndiphunzitse mawu akowo."

Masiku otsatirawo ndinkawaphunzitsa madzulo aliwonse. Ndimayenera kusangalala, poti chipinda chathu chinali chitapulumuka. Koma ndinkawayang'ana akubwereza mawuwo mwaulemu ngati pemphero, n'kumadzifunsa kuti zikutheka bwanji kuti denga la mwana wanga lili pakamwa pa mayi ameneyu. Adona anayamba kuwatumizira mbale za chakudya, ndipo wonyamula mbalezo ndinali ine.

Tsiku la komiti abwana analamula kuti Dinkar akawatule a Tarawati pagalimoto yaing'ono, ine ndiwaperekeze. Anatulukira atavala sari yobiriwira ija, tsitsi atadzola mafuta, m'khwapa atapanira kanthu kokulunga m'nsalu. Dinkar anatsegula chitseko chakumbuyo n'kuwerama.

"Lowani, adona. Tipite kuti lero?"

"Usandipusitse iwe, ndingakusite makutuwo!"

Anaseka onse awiri. Ine chikwatiwire, Dinkar sananditsegulirepo chitseko cha galimoto. Ndinakhala pambali pawo Keshav ali pamiyendo, ndipo mwanayo anangotsetsereka n'kukakhala pa iwo.

"Mwanyamula chiyani?" ndinafunsa.

"Zanga."

Ndikanaumirira pomwepo. Ndimaona chilichonse ine, koma tsiku limenelo maso anga anali pa dzanja la mwana wanga litagwira sari yawo.

Kumeneko ine sanandilole kulowa. Ndinakhala pabenchi pafupi ndi alonda, ndikuyang'ana chitseko. Patapita nthawi kunalira belu lalitali, aphungu anatuluka akuthamangira kumsonkhano, ena akusekabe. Abwana anandidutsa osandiona. Pomaliza anatuluka a Tarawati, nsalu ija ili m'manja, akuyenda ngati munthu amene wangotsika basi ya ulendo wautali. Tinakwera galimoto. Dinkar anayesa nthabwala imodzi n'kuisiyira panjira.

A Tarawati anadzandiuza madzulo, titakhala pathebulo lawo, simbi zili zozizira kwa nthawi yoyamba chiwadziwire.

"Muli thebulo lalitali, lopindika ngati chikwakwa," anatero, "ndipo kuzizira ngati m'firiji. Apolisi anali uko, mlongo wanga uku. Wapampando, nkhalamba ya magalasi, anandifunsa dzina, ndinanena. Anandifunsa ntchito, ndinanena. Kenaka akuti, mayi, kodi pali ubale uliwonse pakati pa inu ndi anthu a nkhaniyi? Ine ndinati apa ndiye pake. Adziwe kuti amene akulankhulayu si munthu wotola pamsewu. Ndinamasula nsalu, ndinakweza chithunzi, ndikuti, ine ndine mlongo wawo wamkulu wa abwanawa."

Ndinagwira pakamwa. "Mayi inu! Munatenga chithunzi?"

"Nanga ndikanapita ngati wamasiye?"

"Ndiye kunatani?"

"Kunali phokoso ngati pamsika. Wina akumenya thebulo, akuti mboni yake imeneyi, mlongo anganene zoipa za mlongo wake? Wina akuloza apolisi, akuti munasankha bwanji wachibale? Mtsikana wapolisi uja anangondiyang'ana, maso ali tong'o. Wapampando anawakhalitsa chete, n'kutembenukira kwa mlongo wanga uja. Akuti, olemekezeka, mayiwa ndi mlongo wanu?"

Anatola kakhala pansi n'kumakatembenuza m'manja.

"Anaseka, Babita. Akuti, apampando, inunso mukudziwa za tsiku limenelo, amayi amabwera ambirimbiri, mkono umadzaza mpaka m'chigongono. Awa n'dzina lomwe sindiwadziwa. Ndi wosita wa mumsewu basi, alibe mbali, mverani umboni wawo. Onse anaseka, a mbali iyi ndi a mbali iyo. Belu lija linalira pomwepo. Akuti ndidzapitenso sabata yamawa ndikanene zimene ndinaona."

Ndinayamba kulankhula mothamanga. Ndinati abwana ananena dala kuti umboni wawo ulemere, kuti ndi mmene zimayendera nkhani za akuluakulu, kuti mumtima sanatanthauze zimenezo. Mwina zinali zoona ndithu. Kenaka a Tarawati anandifunsa:

"Ulusi umene ndimakupatsa chaka ndi chaka uja, amavala?"

Zaka zonsezi ndinkalakalaka atandifunsa funso limeneli. Ndinali nditakonza kale mmene ndidzayankhire, mmene ndidzawaonere nkhope ikugwa. Koma pamene linabwera, ndinaganiza za chitseko chathu chokiya chija.

"Amavala," ndinatero. "Ndimawaona."

"Kusekondale sanakuphunzitse kunama bwino. Khutu lako lafiira."

"Mayi, chonde. Inu muli ndi kwanu kutsidya. Ife tilibe kolowera. Kuzizira kuli pafupi, mwanayu mukumudziwa chifuwa chake. Mungonena mawu aja basi, simutaya kanthu."

"Sinditaya kanthu?" Anakweza mawu mpaka mlonda anasuzumira pageti. "Ndinali wokonzeka kuika dzanja pamutu n'kunama pamaso pa Mulungu, kumudyetsa dothi mtsikana wapolisi uja, mwana wa eni amene sanandilakwire, chifukwa cha mlongo. Mlongo ungamunamire. Koma kasitomala? Kasitomala ndimamusitira malaya, sindimunamira."

Ndinalira, ndipo sikunali kulira kwabwino. Ndinawauza kuti n'zosavuta kukhala wolimba mtima ukakhala wopanda mwana. Ndinawauza kuti atenga kale chilichonse, kuseka kwa mwamuna wanga, mawu oyamba a mwana wanga, sari imene ikanakhala yanga, ndiye tsopano akufunanso denga. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera. Keshav anali atagona pamiyendo pawo, chala chili m'kamwa, ndipo iwo ankamusisita pamsana ndi dzanja lazipsera lija ngati palibe chimene chanenedwa.

"Watha?" anafunsa. "Sari ukuifuna? Katenge, ine sindidzaivalanso. Mwamuna wako amaseka kuno chifukwa kwanu amapeza munthu atatchera khutu kugeti ngati mlonda. Za mwanayu usandinamizire, akadwala amaitana iwe."

Anadzuka bwinobwino kuti asamudzutse, anamuika m'manja mwanga. Kenaka anatenga chithunzi chija, anachiyang'ana pang'ono, n'kuchiika pansi pa mwendo wa thebulo umene umagwedera. Anagwedeza thebulo kuti aone ngati lakhazikika.

"Tamvera tsono, amadamu. Ndikakanena zanga, pano sindikhalanso, a khonsolo abwera mawa lake, ndikudziwa. Inunso akutulutsani, ndikudziwanso. Chipinda changa chakutsidya n'chachikulu kuposa kabowo kanuko. Mpopi uli pakona, denga ndinakonzetsa chaka chatha. Tidzatchinga nsalu pakati. Dinkar ali ndi laisensi, magalimoto sanathe mumzinda muno."

"Ndiye ine ndizikakhala m'nyumba mwanu? Kudya zanu?"

"Kudya zanga? Uzikasita! Manja ofewawo apsa, ulira sabata imodzi, kenaka azolowera. Kuseri kwa chipatala chakutsidya kuli manesi ambirimbiri, mayunifolomu awo alibe wowasitira bwino."

Ndinaima pamenepo mwana ali paphewa, ndipo chimene chinkandipweteka kwambiri sichinali chipinda chokha. Chinali chakuti ngakhale pogwa, wodzatiwakha ndi iwo omwewo, ndipo Dinkar akamva adzati, waona, a Tarawati ndi munthu. Ndinayang'ana kuzenera lakukhitchini. Nyali inali yoyaka, adona ankadikira kuti ndikawauze kuti zonse zili bwino.

"Ndikawauze chiyani?" ndinafunsa.

"Ukawauze kuti malaya a abwana atenge mawa m'mawa, ndiwasita bwinobwino ngati kale. Zinazo akazimvera kukomiti." Anakoka thumba la makala n'kufunafuna kanyundo kawo. "Mawa masana nditseka. Ndikupita kutsidya kukasesa ndi kukagula simbi yachiwiri, yopepukirapo, ya dzanja lako. Sabata yamawa ndikalowa m'chipinda chozizira chija nditavala sari yanga yogwirira ntchito, ndipo wapampando akandifunsa, ndikamuuza kuti geti linali lotsegula."